Popanda sikelo, DRL ya CT singawerengeke

Sabata yathayi ntchito inali yotolera manambala a radiation pa makina a CT (ojambula mkati mwa thupi ndi X-ray) pachipatala china kuno ku Lilongwe, kuti tikhazikitse DRL yapamalo, kutanthauza mlingo wa radiation woyerekezera ngati odwala akulandira yochuluka mopitirira pa mtundu uliwonse wa kujambula. Lolemba ndi Lachiwiri kunali kukopera CTDIvol ndi DLP, manambala awiri osonyeza kuchuluka kwa radiation yomwe makina atulutsa, kuchokera pa dose report, lipoti lomwe makina amapereka akamaliza kujambula, wodwala ndi wodwala. Anzathu a ntchitoyi mukuzidziwa zimenezo.

Lachitatu m'mawa m'mene mudatulukira nkhani. Mwana wazaka zinayi, wogwa mumtengo, adajambulidwa mutu usiku ndi protocol (dongosolo la makina lojambulira) ya munthu wamkulu: 120 kV (mphamvu ya X-ray), mAs (kuchuluka kwa X-ray) yosachepetsa, ndipo kujambula kudatsika mpaka m'khosi popanda dokotala kupempha. Wogwira usikuyo sadachite dala. Pulogalamu ya makina itaikidwanso pambuyo pa vuto la magetsi, ma protocol a ana sadabwezeretsedwe, choncho pa sikirini padatsala protocol imodzi yokha ya mutu, ya akuluakulu. Palibe amene adapatsidwa udindo woona zimenezi makina atakonzedwa, ndipo apa mpamene pandiwawa. Chithunzi chake chidatuluka chooneka bwino kwambiri. Kale filimu ukaipyoza mlingo wa radiation inkada bii, aliyense n'kuona. CT ukaipyoza, chithunzi chimangoyera bwino, adokotala n'kuyamikira, pamene thupi la mwana ndi limene limamva radiation kuposa la wamkulu, komanso ali ndi zaka zambiri kutsogolo zoti khansa ingadzaonekere. Ndi ana angati adadutsa chonchi tisanatsegule kaundula? DRL ikadakhalapo, DLP ya ana ngati ameneyu ikadaonekera yokha poiyerekeza ndi gulu lawo la chaka chimodzi mpaka asanakwane zaka 6.

Koma kuti DRL ipezeke pafunika kulemera kwa wodwala, ndipo sikelo ya m'chipinda chathu idafa kalekale. Malangizo a 2017 a ICRP, bungwe lapadziko lonse loona za chitetezo ku radiation, amati pa CT mutenge odwala osachepera 20, makamaka 30, pa mtundu umodzi wa kujambula, akuluakulu akhale pakati pa 50 ndi 90 kg. Mukaandika manambalawo mumatenga yapakatikati, median, osati avereji, chifukwa wodwala mmodzi wonenepa kwambiri amakokera avereji m'mwamba. DRL ya dziko lonse imachokera pa ma median a zipatala zonse, pomwe zitatu mwa zinayi zilizonse zili pansi pake. Ana a pachifuwa ndi pamimba amagawidwa ndi makilo: ochepera 5, kenako 5 mpaka 15, 15 mpaka 30, 30 mpaka 50, 50 mpaka 80. M'mafomu athu danga la makilo lili mbee. Ena amangoyerekeza ndi maso. Mayi wovala juzi ndi zitenje ziwiri m'nyengo yozizira mungamuyeze bwanji ndi maso?

Chinanso chosokoneza pa ana: onetsetsani ngati CTDIvol yawerengeredwa pa phantom (chinthu choimira thupi la munthu poyesa makina) ya 16 cm kapena ya 32 cm. Kujambula komweko nambala ya 16 cm imakhala pafupifupi kuwirikiza kawiri. Mukaziphatikiza m'kaundula mmodzi, median yanu ndi yabodza.

A nuclear medicine, amene amabaya odwala mankhwala a radiation, nawonso sikelo saithawa. Kwa iwo DRL ndi ma MBq (muyeso wa mphamvu ya mankhwalawo) obayidwa, ndipo ana amapimiridwa ndi makilo. Technetium-99m, imodzi mwa mankhwalawo, imatsika mphamvu ndi theka pa maola 6 aliwonse, ndiye mumalemba nthawi yopimira mu dose calibrator (chipangizo choyezera ma MBq), nthawi yobayira, ndi zotsalira m'jakisoni.

Lachinayi lidathera kumsonkhano. Akuluakulu ena amaopa kuti manambalawa adzatigwiritsa mlandu. DRL si malire oti ukadumpha walakwira lamulo, ndipo siweruza wodwala mmodzi. Wonenepa angafunike mlingo woposa pamenepo kuti chithunzi chiwerengeke. Median yanu ikapitirira, mumafufuza chifukwa. Ikatsikitsitsa, mumafunsa adokotala ngati zithunzi zikuonetsa matenda. Za sikelo adati tilembe kalata ina.

Lachisanu ma protocol a ana adabwezeretsedwa, kV yotsikirapo ndi mAs yolingana ndi msinkhu, ndipo tidawayesa pa phantom tisanagoneke mwana aliyense. Sikelo tabwereka ya amayi oyembekezera, timaitenga masana iwo akaweruka. Mafomu a pachifuwa opanda makilo tawaika pambali, Lolemba tiyambiranso pa wodwala woyamba.