Ku Ithaca, Kwa Mfumu Yomwe Inalowa Kwawo Itavala Sanza

Sitima yochokera ku Sami, pa chisumbu cha Kefalonia ku Greece, siichedwa kuwoloka. Usanamalize tiyi wako umangoona mapiri a Ithaca akuyandikira. Tinatsikira pa kadoko ka Pisaetos, pomwe panalibe chilichonse choti munthu nkujambula, kenako takisi inatikweza phiri nkutitsitsira ku Vathy, tauni yaikulu ya pachisumbupo. Ukulu wake ndi wa dzina chabe, poti chisumbu chonse chili ndi anthu pafupifupi 3,000. Nyumba zambiri ndi zomangidwanso chitachitika chivomezi cha mu 1953.

Mayi a kunyumba anafuna tchuthi cha kugombe. Ine ndinabwera chifukwa cha Odysseus, mfumu ya Ithaca m'nthano zakale za Agiriki, yemwe nkhani yake ndinaiwerenga usiku uliwonse m'nyengo yozizira ku Leeds, ku England, komwe timagwira ntchito. Ndakatulo ya Homer, mlakatuli wakale wa Chigiriki, yotchedwa Odyssey ili ndi magawo 24, ndipo ambiri timangokumbukira za panyanja: chimphona cha diso limodzi, mphepo zamkuntho, akazi oimba okopa amalinyero. Koma kuyambira gawo 13 munthuyu amakhala atafika kale kwawo. Theka lonse la ndakatuloyo ndi la munthu amene ali pakhomo pake koma sakufuna kutchula dzina.

M'mawa mwake tinayenda wapansi kupita ku gombe la Dexa, lomwe eni nthaka amati ndi pamene amalinyero anamugoneka ali mtulo. Ndi kagombe ka timiyala, kuseri kwake mitengo ya maolivi. Pamenepa, ikutero ndakatulo, Odysseus anadzuka osalizindikira dziko lake, chifukwa mulungu wamkazi Athena analiphimba ndi nkhungu. Kenako Athena anabwera ngati mnyamata woweta nkhosa nkumuuza kuti kuno ndi ku Ithaca. Inu mukanatani, patatha zaka 20 chichokereni kwanu? Mkuluyu mtima unakondwa, koma pakamwa panatuluka bodza: akuti ndine wa ku chisumbu cha Crete, ndathawa chifukwa ndinapha mwana wa mfumu. Athena anangomwetulira, nkusanduka mkazi, nkumuseka kuti ngakhale kwawo sasiya kunama. Akathyali awiri anakumana pamenepo. Atatero anamukhudza ndi ndodo, khungu nkuchita makwinya, tsitsi nkuthothoka, maso nkuchita chidima, nkumuveka sanza zonunkha utsi ndi chikopa cha gwape chothothoka ubweya.

"Ndiye mwandibweretsa kudzaona pomwe munthu ananamiza mnzake?" anafunsa mayi a kunyumba, mapazi ali m'madzi.

Ndinawauza kuti anali ndi chifukwa. Kunyumba kwake kunali amuna 108 ofunsira mkazi wake Penelope, akudya ziweto zake tsiku ndi tsiku, atapangana kale zopha mwana wake Telemachus. Komanso anali ataphunzira mowawa kuti dzina limapweteka. M'phanga la chimphona Polyphemus anapulumuka chifukwa chonena kuti dzina lake ndi "Palibe Munthu", moti chitalira kuti Palibe Munthu akundipha, anzake anabwerera kukagona. Koma ali m'ngalawa matama anamugwira, nkukuwa dzina lake lenileni, la bambo ake ndi la kwawo. Chimphonacho chinapeza pomutemberera kwa bambo ake Poseidon, mulungu wa nyanja, ndipo ndiye anamuzunza panyanja.

Tsiku lachitatu ndinalakwitsa. Ndinaumirira zokaona kasupe wa Arethousa, kummwera kwa chisumbu, kufupi ndi kumene woweta nkhumba Eumaeus akuti ankakhala. Njira yake ndi yotsetsereka, ya miyala yoterereka ndi zitsamba zokala miyendo, ine nditavala nsapato za kutchalitchi, madzi botolo limodzi anthu awiri. Titafika, kasupeyo anali kadzenje ka pansi pa thanthwe, timadzi tosadzaza ndi chikho chomwe. Pokwera pobwerera mayi a kunyumba sanalankhule mawu ngakhale amodzi, ndipo amene ali pabanja akudziwa kuti chete ameneyo ndi wotani.

Komabe sindikudandaula. Titakhala pamthunzi kupuma, pamwamba pathu pali thanthwe lomwe amalitcha la Khwangwala, ndinamvetsa kutalika kwa malowa ndi nyumba yachifumu. Eumaeus anali kapolo wokhala kuthengo. Ataona nkhalamba ya sanza agalu ake akufuna kuikhadzula, anawabalalitsa ndi miyala, nkuilowetsa m'khumbi, nkuiphera ana a nkhumba awiri. Mlendoyo akudya, iye ali kalikiliki kudandaula za mbuye wake amene anasowa, osadziwa kuti ndi yemweyo akutafuna patsogolo pake. Kunyumba yachifumu, kwa anthu ovala bwino, nkhalamba yomweyo anaigenda ndi kampando kopondapo mapazi. Apa ndi pamene ndimaona nzeru za Homer. Sanza zija zinkabisa Odysseus, koma zinkavula ena onse. Aliyense anaonetsa mtima wake poyera chifukwa ankaganiza kuti palibe wofunika akumuona.

Ndipo taonani amene anamuzindikira popanda kuuzidwa. Woyamba ndi galu. Argos, amene Odysseus anamulera asanapite kunkhondo ya ku Troy, anali atagona pa mulu wa ndowe, thupi lonse nkhupakupa. Atamva mawu anagwedeza mchira nkugwetsa makutu, koma mphamvu zoti ayandikire analibe. Mbuye wake anapukuta msozi mobisa nkupitirira, poti kumusisita kukanamuulula. Galuyo anafera pomwepo. Wachiwiri ndi gogo Eurycleia, amene anamuyamwitsa ali khanda. Pomusambitsa mapazi dzanja lake linakhudza chipsera cha pamwamba pa bondo, pomwe nguluwe inamung'amba ali mnyamata ku phiri la Parnassus. Gogoyo anataya mwendo, beseni nkugubuduka, madzi mbwee pansi. Odysseus anamugwira pakhosi kuti asatulutse mawu.

Kwathu timawatcha matchona anthu otere, opita ku Joni nkukhalitsa mpaka ana kukula osawadziwa. Ine ndinatha zaka 9 osaponda ku Dedza. Tsiku lomwe ndinafika, ana a mlongo wanga anandipatsa moni wa alendo, atagwada patali. Azakhali anga, maso atayamba kale kuchita khungu, anandigwira chala chomwe ndinadzitema ndi chikwakwa ndili sitandade 4, nkuyamba kulira.

Kumpoto kwa chisumbu, m'mudzi wa Stavros, muli kanyumba kosungiramo zinthu zakale. M'menemo muli zomwe anafukula m'phanga la ku gombe la Polis m'zaka za m'ma 1930, ndipo chomwe ndinaima nacho nthawi yaitali ndi kachibenthu ka dongo kakang'ono, ka zaka zoposa 2,000, kolembedwa pemphero kwa Odysseus. Kachibenthuko kanachoka ku chigoba cha kumaso. Ndinaseka ndekha. Dzina la katswiri wobisa nkhope, lolembedwa pa chigoba!

Madzulo ake, tikudya nsomba pafupi ndi chiboliboli cha Odysseus pabwalo la mudziwo, mkwiyo wa kukasupe unali utatha, ndipo ndinafotokoza za Penelope. Afunsiri onse ataphedwa, mwamuna atasamba nkuoneka bwino, mayiyu sanathamangire kumukumbatira. Anauza wantchito kuti atulutse bedi panja. Odysseus anapsa mtima: ndani wasuntha bedi langa, poti mwendo wake umodzi ndi mtengo wa maolivi wozika mizu pansi, ndinapala ndekha? Wonamiza anthu onse uja anagwa mumsampha wa mkazi wake.

"Ameneyo ndiye anali ndi nzeru," anatero mayi a kunyumba. "Inu mukanandiuza kale kuti nkhaniyi ndi ya mayiyu."

Gawo limodzi lokha limandinyansa, lomaliza. Afunsiri atatha, popanda chifukwa chobisiranso dzina, Odysseus anapeza bambo ake Laertes akukumbira kamtengo m'munda atavala zigamba, ndipo anawanamizanso kuti ndi mlendo amene anaonapo mwana wawo zaka zisanu zapitazo. Nkhalambayo inatapa dothi nkudzithira kumutu ikubuula. Apo mpamene mwana anaulula, nkuonetsa chipsera, nkuwerenga mitengo yomwe anamupatsa ali wamng'ono, ya maapozi 10, ya nkhuyu 40. Ndikuganiza kuti bodza linali litamulowa m'magazi.

Usiku umenewo ndinaimbira bambo anga ku Dedza pa foni ya mayi a kunyumba, yanga itatha moto. Nambala sanaidziwe. "Ndani kodi?" anafunsa, mawu akunjenjemera ngati munthu woyembekezera uthenga wa maliro.

"Ndine, bambo," ndinatero msangamsanga, nkutchula dzina langa lonse, la ubatizo ndi la kumudzi lomwe.