Lachitatu: ndalama ya amalume inagona padepoti

Foni ya amalume ndiyo yandidzutsa lero, kunja kukadali mdima, chisanu cha ku Joni chikuluma zala. "Mphwanga, ndalama ija yakakamira panjira." Dzulo madzulo anatumiza Bitcoin, ndalama ya pa intaneti ija, ya pafupifupi R600 kwa mwana wawo ku Zomba, yowonjezera pa fizi, koma mpaka kukucha inali isanafike.

Ndinakawapeza ku Fordsburg nthawi ya tiyi, pashopu pomwe amasoka. Nditangoyang'ana pafoni yawo ndinaliona vuto. Anasankha fee (ndalama yolipirira kutumiza) yotsikitsitsa, poganiza kuti ndalama yochepa iyenera kulipira zochepa. Ambiri timagwera pomwepa. Bitcoin ilibe nazo kanthu kuti mukutumiza zingati, imangoona malo omwe transaction yanu (uthenga wotumizira ndalamawo) ikudya mu block, mtolo wa ma transaction olembedwa pamodzi, nkuwerengera ma satoshi (tizidutswa tating'ono ta Bitcoin) pa vbyte iliyonse, muyezo wa malowo.

Ndinawakumbutsa za basi yakumudzi pa Park Station mu December. Wa katundu safunsa mtengo wa zomwe zili m'chikwama, amangoona kukula kwake. Block nayo ndi basi yonyamuka pafupifupi mphindi 10 zilizonse, malo ake ndi owerengeka, ndipo ma miner, omwe makompyuta awo amapanga ma block, amayamba kukweza amene walipira zambiri. Otsala amafola pamzere wotchedwa mempool. Amalume anaimitsa makina nkuseka: "Ndiye kuti ndalama yanga yagona padepoti, yatsamira chikwama?" Ndinati eya, amalume, ndipo aliyense wobwera ndi fee yokulirapo akuidumpha.

Mwayi wake wallet yawo, app yosungira Bitcoin pafoni, imalola Replace-by-Fee, kutumizanso transaction yomweyo ndi fee yokwererapo. Tinawonjezera, ndipo isanakwane 1 koloko mnyamata uja analemba pa WhatsApp kuti yalowa. Amalume anangoti ndalama ya ndiwo yapita.

Komatu mzere wa lero unali wachibwana. Sindidzaiwala 20 April 2024, tsiku la halving (kudulidwa pakati kwa mphoto ya ma miner), pomwe Runes, njira yopangira tindalama tina pa Bitcoin, inayamba ndipo anthu ankalimbirana malo mu block ngati ufa wogawa. Tsiku limenelo wotumiza ndalama yochepa fee inkatha kumudyera yonse.

Tikumwa tiyi ndinawaonetsa Lightning, njira yapambali yotumizira Bitcoin osafola pamzere uja. Ili ngati kope la ngongole pa spaza: mumalemberana tsiku ndi tsiku, koma ndalama yeniyeni imayenda potsegula ndi potseka kopelo basi. Nchifukwa chake imafika m'masekondi, fee yake nkukhala ya masenti. Ku Pick n Pay anthu amalipira nayo patilu. Ethereum, ndalama inanso ya pa intaneti, nayo ili ndi njira zake zapambali monga Arbitrum ndi Base, zomwe zinatsika mtengo kwambiri kusintha kotchedwa Dencun kutabwera mu March 2024, koma izo sindinawalowetsemo, mutu ukanawazungulira.

Chomwe chikundisowetsa mtendere ndi mbali ya kumudzi. Ndalama ikafika ku Zomba, mnyamatayo ayenera kusaka munthu womusinthira kuti makwacha alowe pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo ameneyo amadulapo yake. Ndinawauza mosabisa kuti pa R600 ine ndikanangofola pa ejenti wamba wotumiza ndalama. Iwo anati reti ya uko imawawawa, ndipo sitinagwirizane.

Potsanzikana anandipatsa buluku langa lomwe anapinda sabata yatha, nkukana ndalama. Ati ndibwerenso kutha kwa mwezi, ndidzawaikire wallet ya Lightning asanatumize ina.