Mapilisi analibe mlandu

Lolemba ku labu kwathu kuno ku Lusaka kunafika makatoni a paracetamol wa 500 mg, kuti tione ngati mankhwala ali m'pilisi akukwana monga alembera papaketi. Makina a HPLC, omwe amalekanitsa ndi kuyeza mankhwala, anali ndi ntchito yodikira yambiri, choncho amayi oyang'anira labu anati ine ndiyambe ndi voltammetry, njira yoyezera mankhwala ndi magetsi.

Poyamba imakhala ngati ntchito ya kukhitchini. Ndinayeza mapilisi 20 pasikelo, n'kuwapera m'kamtondo mpaka ufa, n'kusungunula pang'ono mu phosphate buffer ya pH 7 (madzi osunga asidi pamlingo umodzi), kenaka n'kusefa. M'kagalasi momwe muli madziwo mumamizidwa ma electrode atatu, timitengo todutsa magetsi: wa glassy carbon, wa Ag/AgCl ndi kawaya ka platinum. Ukamakweza voteji pang'onopang'ono, paracetamol amataya ma electron awiri pa carbon paja, ndipo pakompyuta pamatuluka kaphiri. Msinkhu wa kaphiriko, ukauyerekeza ndi wa standard (paracetamol wodziwika kale kuchuluka kwake), ndiwo umakuuza kuchuluka kwa mankhwala.

Lachiwiri zinayenda bwino. Lachitatu masana kaphiri kanayamba kufupika: 97 peresenti ya mlingo wolembedwa papaketi, kenaka 91, kenaka 86. British Pharmacopoeia, buku la miyezo ya mankhwala, imalola pakati pa 95 ndi 105 basi. Mtima unangoti phwii, poganiza za odwala omwe akanamwa mapilisi opereŵera. Ndinathamangira ku ofesi.

"Amayi, batch iyi yagwa."

Pepalalo sanaliyang'ane n'komwe. "Bambo, electrode mwaipukuta liti? Nanga standard mwaibwereza?"

Ndinangoti kakasi. Zonse ziwiri ndinazichita m'mawa kamodzi kokha. Zotsalira za paracetamol zimakanirira pa carbon ngati mafuta papoto, ndiye muyeso uliwonse umatsika kuposa wapitawo. Ndinathira ufa wopukutira wa alumina pa kansalu konyowa, n'kumapukutira electrode mozungulira ngati ndikulemba 8, dzanja lopepuka, n'kutsuka ndi distilled water mpaka kankhope kake kakuda kanawala ngati kalilole. Nditayezanso ufa womwe uja, panatuluka 99. Ukadaulo wonsewu, womwe unayamba ndi polarography, njira yomwe wasayansi Jaroslav Heyrovský anatulukira mu 1922, umadalira kadontho ka carbon kochepa ngati njere ya mapira.

Lachinayi magetsi anathima mpaka madzulo, tinangolemba malipoti. Lachisanu HPLC inapeza mpata ndipo zotsatira zake zinagwirizana ndi 99 wanga uja. Amayi anasaina, n'kundipatsa kabotolo katsopano ka alumina osanena kanthu.