Mlungu wofesa m'bale wake wa kaufiti

Lolemba m'mawa, mame asanaume, ndinalowa m'munda wa udzu wa kumtunda n'kuthyola phesi limodzi la yellow rattle, duwa lachikasu lomera m'udzu. Nditaligwedeza pafupi ndi khutu, njere zinalira m'makoko ake ngati maseche. Alimi akale a kuno ku Yorkshire Dales, kumpoto kwa England, akamva kulira kumeneku ankadziwa kuti nthawi yomweta yakwana. Nafenso timadikira komweko, ndipo sitimweta Julayi asanafike pakati.

Ndimagwira ntchito pa famu yakale ya nkhosa ndi ng'ombe imene tikuibwezera momwe inalili kale. Minda itatu yokha ndi imene ikadali ndi maluwa ake achilengedwe. Ina yonse anaithira fetereza kwa zaka zambiri mpaka munatsala udzu wamtundu umodzi, wobiriwira bwino ukauonera patali, koma ukaimamo sumva njuchi ngakhale imodzi. Sizinachitike pano pokha. Kuyambira m'ma 1930 kufika m'ma 1980, ku England ndi Wales kunatha minda yotere 97 pa 100 iliyonse. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, boma linkafuna chakudya chambiri, alimi anagaula minda yakale, ndipo pambuyo pake anayamba kumweta msanga kuti asunge udzu wauwisi, maluwa asanabereke njere. Sindiwaimba mlandu alimiwo, anachita zimene anapemphedwa. Koma dothi limene munalimo maluwa zaka mazanamazana silibwerera lokha.

Lachiwiri tsiku lonse tinali kukanda munda wakumunsi ndi thirakitala, titaumweta kale mpaka pansi. Timafuna kuti pafupifupi theka la mundawo pakhale dothi loonekera, chifukwa njere ikagwera pa udzu wothithikana imangofera pomwepo. Bambo wina wa m'mudzimo anaima pa mpanda wamiyala n'kufunsa chifukwa chimene tikuonongera munda wabwinobwino. Ndinawapempha kuti adzabwere Lachinayi.

Lachitatu kunagwa mvula. Tinakonza mpanda umene nkhosa zinagumula, n'kunola zomwetera.

Usiku wake ndinaimbira amayi ku Dedza. Anandifunsa zimene tikudzala chaka chino, ndipo ndinawauza zoona zake, kuti yellow rattle ndi wa banja limodzi ndi kaufiti. Onse awiri amalowetsa mizu yawo m'mizu ya mbewu ina n'kumayamwa madzi ndi chakudya chake. Amayi anakhala kaye chete, kenako anati, "Mwanawe, ife tikulira naye m'chimanga, iwe ukuchita kumufesa dala?" Ndinawamvetsa. Ndinakula ndikuzula timaluwa tofiira timeneto m'munda wathu, chimanga chitapinimbira. Koma kuno chimene chimapha maluwa ndi udzu wamphamvu umene umawaphimba. Yellow rattle akaufooketsa udzuwo, maluwa ena amapeza mpata ndi dzuwa. N'chifukwa chake iye ndi amene timayamba kumulowetsa m'munda, ena onse amatsatira m'mbuyo mwake. Amakhala chaka chimodzi chokha, njere yake siisungika nthawi yaitali, ndipo siimera isanagone m'dothi nyengo yonse yozizira. Ukamweta asanakhwime chaka chimodzi chokha, wamutaya.

Lachinayi ndiye linali tsiku lenileni. Tisanayatse makina, tinayenda m'munda wa kumtunda mwandondondo kufunafuna anapiye a curlew, mbalame ya mlomo wautali wopindika imene imaikira mazira pansi m'udzu ndipo ikuchepa kwambiri ku Britain. Sitinapeze aliyense, anali atauluka kale. Komabe tinamweta kuyambira pakati kupita kumphepete, kuti akalulu apeze kothawira. Udzu umenewu sitiuyanika. Timaukweza m'ngolo uli wauwisi, njere zili momwemo, n'kukauwaza m'munda wokanda uja tsiku lomwelo. Gawo limodzi lomweta limakwanira magawo pafupifupi atatu owaza.

Ulendo wachitatu, tayala la ngolo linaphulika pachipata. Pamene tinkamaliza kulisintha, dzuwa linali litapendeka, ndipo nditalowetsa dzanja pakati pa mulu wa udzuwo ndinamva kutentha ngati m'nkhuti ya manyowa. Kutentha kotere kumapha njere. Tinauwazabe, koma ndinakhoma zikhomo kuzungulira malowo kuti chaka chamawa tidzadziwe chifukwa chake ngati padzakhale popanda kanthu. Zinandipweteka mtima, poti njere zimenezo timazipeza kamodzi pachaka.

Chimene chinandilimbitsa n'chakuti anthu a m'mudzi anabwera ambiri, ena ndi ana awo poti sukulu zatsekera. Potsetsereka pamene thirakitala singafike, anamweta pamanja ndi zenga lalitali la mpini wofika pachifuwa, ena akuwaza udzu ndi mafoloko. Bambo aja a pampanda anabweranso. Anatola duwa lofiirira la wood crane's-bill n'kunena kuti ali mwana linkapezeka m'munda uliwonse wa m'chigwachi, ndipo anali asanaligwire m'manja kwa zaka zambiri. Atatero anavula jekete n'kutenga foloko. Kwa ine, famu yotere ikangokhala ya akatswiri ndi mapepala awo siikhalitsa. Imafunika anthu oyandikana nayo amene akukumbukira maina a maluwawo.

Lachisanu tinamweta minda iwiri yotsalayo kuti tiumitse chakudya cha ziweto cha m'nyengo yozizira, pakuti iyi ikadali famu, ndipo ng'ombe ziyenera kudya. Masana ndinalemba m'buku zimene tinawerenga m'mwezi wa Juni, pamene tinkaika chimango cha mita imodzi mbali zonse pansi n'kuwerenga mitundu ya zomera zili m'katimo. M'munda umene tinawaza zaka zitatu zapitazo, yellow rattle wakhazikika, red clover ndi eyebright alowa, koma great burnet sanaoneke. Ameneyo ndi wochedwa, mwina tidzachita kumufesa m'machubu n'kumuwokera.

Loweruka m'mawa tinatsegula chipata cha munda wakumunsi n'kulowetsamo ng'ombe kuti zipondereze njere m'dothi ndi ziboda zawo. Zikhala momwemo masiku ochepa, kenako tizisamutsira kumtunda msipu ukaphuka.