t(9;22) yandilowa ndi sizasi ndi selotepi

Eee lero ndiye mtima wakhala pansi. Masabata awiri ndakhala ndikuloweza t(9;22), t(12;21), t(4;11), ma translocation a khansa ya m'magazi yotchedwa ALL (acute lymphoblastic leukaemia), ngati manambala a foni, lero ndagwira mawa zathawa. Vuto langa ndimaona translocation ngati kungothyoka kwa chromosome (kachingwe kosunga majini mu selo) basi, ndiye sindimamvetsa kuti kuthyoka kwina kukhala bwanji koopsa kuposa kunzake.

Dzulo usiku magetsi atathima ndinayatsa tochi ya foni, nkudula mapepala awiri, lofiira chromosome 9, labuluu 22, nkudulanso kunsonga kwake nkusinthanitsa tizidutswato ndi selotepi. Pamene panakumana kufiira ndi buluu paja ndi pomwe maso anatseguka. Jini ya ABL1 yachoka pa 9 yakamatirira ku jini ya BCR pa 22, zasanduka jini imodzi yatsopano, ndipo protein yake ndi tyrosine kinase yosazima, ikungouza selo kuti gawikana gawikana. Nkhani yonse ili pamfundo pamenepo. Nchifukwa chake mankhwala a imatinib ndi dasatinib anasintha zinthu pa Ph+ ALL (ALL yokhala ndi t(9;22), yomwe amaitcha Philadelphia chromosome), amakatseka kinase yomweyo. Mwa akuluakulu odwala ALL pafupifupi mmodzi mwa anayi ali nayo, mwa ana ndi ochepa zedi. Ndipotu asayansi Nowell ndi Hungerford anaiona Philadelphia chromosome mu 1960 ngati ka chromosome kakafupi chabe, mpaka 1973 pomwe Janet Rowley anaonetsa kuti ndi kusinthana. Zaka 13 zimenezo!

Nditayesa t(12;21) ndinadula tizidutswa tofanana kukula komanso mtundu, nditamata sizimaoneka nkomwe kuti ndasintha kanthu. Apo ndinamvetsa chifukwa chake ETV6-RUNX1, jini yobadwa pa t(12;21), imabisala pa karyotype (chithunzi cha ma chromosome onse) mpaka uyeze kulabu ndi FISH kapena PCR. Ine ndiye ndikuti cytogenetics (phunziro la ma chromosome) yonse aziphunzitsa ndi mapepala basi, masilaidi atayeni.

Alekichala athu anathamanga mutu wonsewu ola limodzi, tebulo pamwamba pa tebulo, kenako "mukawerenge nokha". Tiwerenge nthawi yanji, m'mawa kuwodi masana kalasi? Zimandipweteka chifukwa ana a ALL tikuwaona ndi maso, si nkhani ya mayeso yokha.

Pomwe ndakodwa ndi pa ploidy, chiwerengero cha ma chromosome mu selo ya khansa. Ma chromosome opitirira 50 prognosis (mwayi wochira) yabwino, ochepera 44 yoipa, ndipo apa palibe chodula palibe chomata, sizasi zangokhala patebulo. Ndaloweza ndithu koma m'mutu sizinakhazikike ngati zinazi, kaya pofika Lachisanu zikhala zitalowa kaya...