Aganyu nafenso atikumbukira

Ndangotsika minibasi pa Nchalo pano, thukuta lili kamukamu, koma mtima uli mbee. Ndikuchokera kumaphunziro a ife aphunzitsi atsopano ndi aganyu a m'makoleji. Aliyense anapatsidwa mphindi 10 kuti aphunzitse anzake, wina akujambula pafoni, kenako tonse n'kuonera. Abale, kuli anthu odziwa zamagetsi ndi zaulimi mpaka pansi, koma amayankhula ndi bolodi, ophunzira atawapatsa nkhongo!

Chandikhudza n'chakuti ife aganyu nthawi zambiri amangotipatsa choko ndi ndandanda wa maphunziro, basi kalowe m'kalasi. Digiri tili nayo, inde, koma ndani anatiuzapo kuti ukafunsa funso uzidikira kaye, osadziyankha wekha? Kapena kuti ophunzira azidziwiratu mmene tichongere mayeso asanalembe? Mayi wina wochokera ku Nsanje anatigawira nzeru yake: phunziro lovuta amaliika m'mawa dzuwa lisanakwiye, ndipo madzi akasefukira n'kudula misewu amatumiza manotsi pa WhatsApp. Zimenezi sizili m'buku lililonse lomwe ndinawerenga.

Akuluakulu a makoleji, chonde maphunziro oterewa azichitika teremu iliyonse, ndipo aganyu muzitiganizirako ya thiransipoti.