Kodi Mulungu amachuluka anthu tikachuluka?

Pali vesi ina yake yomwe a Malawife timaikumbukira mvula ikagwa Lachitatu madzulo. Ku mapemphero a mkati mwa sabata kukabwera anthu atatu okha, mkulu wa mpingo amayang'ana mabenchi aja kenako ungomva, abale tisadandaule, pamene asonkhana awiri kapena atatu m'dzina langa ndili pakati pao, tiyeni tiyambepo. Mateyu 18:20 ameneyo. Ndipo vesi yomweyo imasandukanso chikwapu kwa munthu amene wasiya kubwera kutchalitchi, amati iwe uli wekhawekha kunyumbako ndiye Yesu akupeza bwanji poti anati awiri kapena atatu.

Mlamu wanga ndi mmodzi mwa okwapulidwawo. Chiyambire nthawi ya Covid ija sanabwererenso. Mukukumbuka mu March 2020 boma linati pamsonkhano pasapose anthu 100, kenako mu August linati 10 basi mpaka atsogoleri a mipingo anakwiya zinthu nkusinthidwanso. Nthawi imeneyo tonse tinaphunzira kupemphera pabalaza, ena pa wailesi ena pa Facebook bando ikalola. Mlamu wangayo anazikonda, akuti anapeza mtendere womwe sanaupezepo pa benchi, ndipo ukamufunsa amakuyankha ndi vesi yakenso, Mateyu 6:6, popemphera lowa m'chipinda chako utseke chitseko upemphere kwa Atate wako ali m'tseri. Pa gulupu ya banja ya WhatsApp nkhani imeneyi imabwera pafupipafupi, azakhali amaponya 18:20 iye amaponya 6:6, onse mawu a Yesu onse a m'buku limodzi, ngati Ambuye anadzitsutsa okha.

Ine ndimaona kuti onse awiri akuwerenga theka. Tatsegulani Mateyu 18 muyambire pa vesi 15 osati pa 20. Nkhani yake si ya kuchepa kwa anthu pa mapemphero ayi, ndi ya mbale wako akakulakwira. Upite ukamuuze muli awiri, akakana utenge mmodzi kapena awiri akhale mboni, akakanabe uuze mpingo. Ndiye pakubwera mawu aja a awiri kapena atatu, ndipo akangotha Petro akufunsa kuti nanga ndimukhululukire kangati, kasanu ndi kawiri? Ndiye kuti lonjezo lija linaperekedwa pamalo povuta kwambiri, pamene anthu awiri osayankhulana akhala pansi kuti akambirane. Ife tinalichotsa pamenepo nkulisandutsa chotonthozera abusa mabenchi akakhala opanda anthu. Ayuda nawonso anali ndi chiphunzitso chofananako, choti anthu awiri akakhala pansi nkumakambirana za Chilamulo ulemerero wa Mulungu umakhala pakati pao, pomwe mapemphero a gulu m'sunagoge amafuna anthu 10. Yesu pa vesi 20 paja sakunena kuti ukakhala wekha Mulungu wachoka.

Komanso 6:6 ya mlamu wangayo, Yesu ankadzudzula anthu oimirira m'mphambano kupemphera kuti awonedwe, sankatseka sunagoge, iye mwini Luka 4:16 akuti ankalowamo tsiku la Sabata monga anazolowera. Ndipo akangomaliza za chipinda zija pemphero lomwe akuphunzitsa likuyamba ndi Atate wathu, mutipatse ife, mutikhululukire ife. Olo utatseka chitseko ndi loko anthu ena walowa nawo.

Koma ndisaname, za kukhala wekha zili ndi mphamvu yake ndipo Baibulo ladzaza nazo. Yakobo analimbana usiku wonse atatsala yekha, Yona anapemphera m'mimba mwa nsomba mopanda kwaya, Eliya pa Horebu anamva mawu a Mulungu osati mu mphepo kapena chivomezi kapena moto, Yesu ankadzuka kusanache kupita kwa yekha, Marko 1:35. Nchifukwa chake kuno kwathu anthu amakwera mapiri. Amene munakwerapo phiri la Bunda kunja kwa Lilongwe mukudziwa zomwe ndikunena. Mumakumana ndi mayi wamanga chitenje m'chiuno, botolo la madzi kudzanja, Baibulo m'jumbo kuopa mvula, wasala kudya, akufuna mwala wake woti akagwade alire bwinobwino popanda womuyang'ana. Chomwe chimandiseketsa nchoti ukafika pamwamba umapeza kuli anthu mbwee, uyu wayang'ana kum'mawa akufuula, uyo wagona chafufumimba pathanthwe, apo kagulu kagwirana manja kakuimba, pena wina amene simukudziwana akubwera kuti mlongo ndikupempherereni. Anthu anathawa gulu nkukapanga gulu lina pamwamba pa phiri. Kusiyana kwake nkwakuti kuphiri kulibe amene unakangana naye za ndalama za chitukuko cha tchalitchi, kulibe mayi uja wa kumvano amene anakunena pa ukwati wa mwana wako. Kupemphera pakati pa alendo nkosavuta aise.

Mkangano umenewu si wa lero. Ku Egypt kunali Anthony amene anapita kukakhala yekha m'chipululu zaka zambirimbiri, anamwalira mu 356, ndipo anthu ambiri anamutsanzira. Patapita kanthawi bishopu wina wa ku Caesarea dzina lake Basil, yemwe anamwalira mu 379, anafunsa funso lomwe mpaka pano ndilibe yankho lake, loti ngati ukukhala wekha ndiye usambitsa mapazi a ndani? Kudzichepetsa, kupirira, kukhululuka, zonsezi zimafuna munthu wina woti akutopetse.

Mipingo imasiyana pofotokoza. Akatolika amanena mosabisa kuti pa Misa pali china chomwe kuchipinda kulibe, Ukaristia, ndipo msonkhano wa Vatican wachiwiri mu 1963 unalemba kuti Khristu amapezeka mwa wansembe, m'masakramenti, m'mawu akamawerengedwa, pamene mpingo ukupemphera ndi kuimba, koma koposa zonse m'maonekedwe a mkate ndi vinyo. Koma Akatolika omwewo ndi amenenso anabweretsa miphakati m'zaka za m'ma 1970, Bishopu Patrick Kalilombe wa Lilongwe anailimbikitsa kwambiri, kuti anthu azikumana ochepa pakhomo pa wina osangodikira Lamulungu. Ife a CCAP timatsindika mawu olalikidwa ndi mgonero, ndipo tili ndi milaga yathu, timagulu tokumana kupemphera m'makomo. Anzathu a Pentekosite amakamba za kudzoza kutsika pamene matamando afika pachimake, ungomva akuti lero kupezeka kwa Mulungu kunali kwamphamvu. Apa ndiye pamandivuta pang'ono, chifukwa nthawi zina chomwe chinali champhamvu ndi sipika ndi mnyamata wa pa kiyibodi, magetsi akangothima kudzoza kumathimanso mpaka jenereta ilire. Sindikunyoza, inenso ndinalirapo pa ovanaiti ndipo sizinali zopeka, koma mtima kugunda si muyeso wa Mulungu. Ndipo gulu limabisa, munthu utha kukhala zaka mu kwaya, yunifolomu yosita, osayankhulapo ndi Mulungu mawu ako ako.

Ine pomwe ndaima mpakuti Mulungu sachuluka tikachuluka ndipo sachepa ukatsala wekha, Salmo 139 inatseka kale nkhani imeneyo. Chomwe chimasintha ndi ifeyo. Pali masiku omwe pakamwa pamauma, pemphero osatuluka olo mawu amodzi. Amene munaferedwapo mukudziwa, uli m'nyumba ya siwa mutu uli zii, sungathe ngakhale Atate wathu, koma panja amayi akuimba usiku wonse nyimbo imodzi ikatha wina akuyambitsa ina, ndipo mwina mpaka m'bandakucha ndi pomwe umazindikira kuti milomo yako ikutsatira. Pamenepo sunapemphere iwe, anakupempherera. Zili ngati munthu wofa ziwalo uja wa pa Marko 2, anzake anayi anasasula denga nkumutsitsa, ndipo malemba akuti Yesu anaona chikhulupiriro chao, cha onyamulawo.

Chomwe sindigwirizana nacho ndi mmene timawachitira osabwerawo. Timathamangira Ahebri 10:25, musaleke kusonkhana, osafunsa kuti chinachitika nchiyani. Ena anachoka chifukwa anachititsidwa manyazi pa guwa nkhani ya chakhumi, ena atadwala miyezi palibe anabwera, ena ndi agogo oti miyendo inakana ndipo tchalitchi chili kutsidya kwa mtsinje, ena amagwira ntchito ya ulonda Lamulungu ali pa geti. Mlamu wanga nditamukhazika pansi bwinobwino zinatuluka kuti si Covid yokha, pali mkulu wina wa mpingo anamubwereka ndalama osabweza ndipo amaima kutsogolo kuwerenga zolengeza ngati palibe chinachitika. Azakhali akhala akumutumizira mavesi koma palibe amene anati tiye tikamuone mkuluyo tili awiri kapena atatu monga ikunenera vesi 16. Ndinawauza azakhali zimenezi, anangoyankha kuti nkhani za ndalama nzovuta mwanawe, nkutumiza chithunzi cha maluwa cholembedwa Lamulungu labwino.